Dzina la Rozita pa Simenti Yaiwisi

Tsiku limenelo ndinafa kawiri, ndipo mpaka lero ndikamva liwu loti storage ndimayamba kuyang'ana pothawira.

Nditamaliza desima, kalasi ya khumi, ku Ulongwe ndinabwerera ku Lifidzi kudzangokhala. Ndiye a Tomasi, amene anabwera ndi komputadolo kuchokera ku Tete, anayamba kundiphunzitsa kulemba ma smart contract, timapulogalamu timene tikalowa pa blockchain, kaundula wa pa intaneti woonedwa ndi aliyense, sitichokanso. Bamboyu saseka (mwina anaseka komaliza pa ubatizo wake). Chinanso, ndi mlongo wake wa Rozita, mwana wa akatekisita.

Anandiuza bwinobwino kuti mawu, amene iwo amati string, umayenera kuwauza pokhala. Mu memory ndi ngati kulemba pafumbi, ntchito ikatha afufutika. Mu storage ndi pa simenti yaiwisi. Ine mutu gwedegwede, maso ali pabwalo pamene Rozita ankapeta nyemba.

Potuluka kupita kumsika a Tomasi anati ndiyesere ndi mawu alionse. Ine katswiri wa Angonia yense ndinalemba kuti: Rozita ndidzakukwatira, akatekisita afune asafune. Pamwamba ndinaona liwu loti memory, mtima unakhala pansi. Mzere wam'munsi, wotenga mawuwo n'kuwakopera mu storage, sindinauone. Ndinatumiza.

Kudina poonera, mawu aja mbee! Kuzimitsa komputadolo, kuyatsanso, alipo. Ndinalembapo liwu loti nyemba, koma pa mndandanda wa zotumizidwa akale aja ali tayale, dziko lonse kumaona, ngakhale ku Roma. Thukuta linakwana ndowa ziwiri. Ndinayamba kuganiza zodutsa malire pa Kalomwe ndikabisale ku Dedza, ngati mmene anathawira makolo nthawi ya nkhondo.

Chitseko kwee. A Tomasi anawerenga, n'kuwerenganso, osaphethira. Ndinkaona kale akatekisita akutchula dzina langa pa Misa, komputadolo nditatsanzikana nayo.

"Izi zifufutika, eti achimwene?"

"Achimwene ake ati? Suja walemba wekha kuti ndine mlamu wako?" Anatseka komputadolo pang'onopang'ono. "Mkamwini saoneka ndi zolemba, iwe. Khasu lili kuseri kwa nkhokwe. Ukakana, madala ndiwawerengera ndekha."

Sabata yathunthu ndinapalira munda wa akatekisita, iwo osadziwa kanthu, akungondiyamikira kuti ana a mtima wotere anatha. Rozita ankabweretsa madzi, n'kumandiitana ndi dzina la mng'ono wanga.

Tsopano mzere wam'munsi ndimauwerenga katatu. Koma mawu ajatu akadalipo, ndipo munda ndinalima kale. Atsala ndi akatekisita kuphunzira komputadolo, adziwerengere okha.