Mimba ya Kansala

Malemu ba Lawson anali munthu wosadziwa kulambalala. Akapeza mpanda wamangidwa panjira, ankagogoda pageti, n'kudutsa pabwalo la mwini nyumba ali pakavalo, chipewa atavula mwaulemu.

Iwowa anali m'gulu lodzipereka losamala njira zapansi zochokera kumidzi ya kwa Nkomeshya. Gululo linali ndi wapampando, wachiwiri wake, mlembi ndi zisoti zokwerera zonyezimira, koma kavalo anali mmodzi yekha, wa ba Lawson. Anamutcha Kansala, ati chifukwa ankafulumira pokhapokha akamva fungo la chakudya. Loweruka lililonse anzawo akamajambulitsa zithunzi, ba Lawson ankakhala ali m'tchire ndi chikwanje, kusadza nthambi ndi kukwirira maenje.

Njira imene ankaikonda koposa ndi ija yodutsa ana opita kusukulu. Popanda iyo, ana a giredi wani akanamayenda m'mphepete mwa msewu waukulu, malole akuwapemerera mphepo.

Ndiye kunabwera ba Judith, bwana wa muofesi ku Lusaka. Anagula poloti cha ku Silverest nayamba kumanga mpanda pakati penipeni pa njirayo. M'mawa wina anangoona mutu wa kavalo ukusuzumira pawindo la khitchini.

"Mayo ine! Imwe batata, muchita chani mu yadi yanga?"

"Odi, ba mayo. Osavutika, tipita chabe."

"Nili na mapepala ine!"

"Njira iyi inayamba mapepala akalibe kubadwa. Kansala, apatse moni amayi."

Kansala anapereka moni wake pomwepo, mulu wathunthu, pafupi ndi maluwa.

Atatopa ndi alendo a Loweruka lililonse, ba Judith anagonja. "Nizasiya mpata wakuti kavalo wanu apite. Osapitilila! Kumapeto kwa mwezi womanga azamupima."

Kansala panthawiyo anali nthiti zokhazokha, moti mpata wake ngakhale wilibala sikanadutsa. Ba Lawson anayenda khomo ndi khomo kukanong'oneza makolo. Kuyambira tsiku limenelo gaga yense wa m'midzi ankathera kwa Kansala. Nkhuku zinaonda, nkhumba zinalira, ana ankabwera ndi makoko a mavwende m'zikwama za mabuku. Pa tsiku lopima, ba Lawson anamumwetsanso madzi mpaka kukana yekha, napachika matumba a zida mbali zonse ziwiri.

Womanga anatambasula tepi, nakanda mutu.

"Ba Lawson, uyu ni kavalo olo ni minibasi?"

"Pimani chabe, mwana wanga. Na matumba yonse. Ni zovala zake."

Ba Judith anayang'ana kavalo, anayang'ana ana amene anadzaza pamenepo atagwira pakamwa, kenaka anaphulika kuseka mpaka misozi. Mpata umene anasiya, ngolo ya ng'ombe imadutsa bwinobwino.

Ba Lawson anatisiya dzinja lathali, atadwala pang'ono chabe. Gulu lawo linabwera kumaliro litavala zisoti, wapampando n'kulonjeza kuti ntchito ipitirira. Kansala anamutengera ku famu ina yakutali. Udzu wa panjira paja tsopano wafika m'chiuno, ndipo ana amalowa m'kalasi yunifolomu itanyowa ndi mame.

Sabata yatha lole inatsitsa njerwa kumapeto ena a njira ija, pomwe munthu wina wagula poloti n'kuimika kale geti. Ana anaima n'kumaziyang'ana. Wamng'ono kwambiri anapita pageti latsopanolo, nakweza dzanja kuti agogode, koma belu la kusukulu linalira, ndipo anathamangira anzake.