Mlonda wa Njinga

Lolemba

Mkwiyo wa dzulo sunaphwe. A Sakala, mkulu wa mpingo, anawerenga magawo a ntchito ya Loweruka, tsiku lokweza denga la tchalitchi chathu chatsopano. Onyamula mitanda: amuna khumi ndi awiri. Otunga madzi: amayi. Olondera njinga: a Tembo ndi ine.

A Tembo ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi mano anayi. Ine ndili ndi 47! Ine amene ndinakhala zaka ziwiri ndi theka ku yunivesite ku Lusaka ndikuphunzira za zomangamanga! Lero munthu wothera giredi 7 akundiika m'gulu la okalamba.

Chifukwa chake akuti: "Tinamva maondo anu akulira pokhala pansi pa maliro paja. Tinkayesa ng'ombe yalowa m'mapesi."

Chabwino. Loweruka ndinyamula mtanda, ndipo ndigwira kutsogolo, iwo akuona. Zofunika popanga chitsulo cholimbitsira thupi:
ekiselo ya ngolo yathu yakufa ija;
zitini ziwiri za penti;
simenti yotsala pomanga khonde;
anthu osandiyankhulitsa.

Zitatu zoyambazo zapezeka.

Lachiwiri

Simenti m'zitini sinalimbe. Ndikudziwa kuti imafuna sabata yathunthu, ndinakhoza mayeso ake. Sabata ndilibe.

Podikira ndikunjuta ndi kudzuka kuseri kwa nkhokwe, kakhumi. Zomwe zikumveka:
bondo lamanzere, khwa!
bondo lamanja, thethethe, ngati likufuna kunena kanthu;
phewa, ngati chitseko cha kusitolo.

Kupweteka kulibe. Koma nkhuku zonse zathamangira kuno, zikuyesa wina akuswa mtedza. Zaima mondizungulira, makosi m'mwamba. Ngakhale nkhuku za pamudzi pano sizilemekeza maphunziro.

Mkazi wanga, amake Dalitso, dengu kumutu, osaima n'komwe: "Ngati mwapeza mphamvu, abambo, mjigo uli pomwe unali dzana."

Munthu sungafotokozere aliyense za sayansi.

Lachitatu

Ndapalasa mpaka ku Katete kukagula waya. Ndalowanso pa kachipatala, osati chifukwa cha mantha ayi, kungofuna kumva ngati akudziwa ntchito yawo.

Wondiona ndi munthu amene ankayamwa pamene ine ndinkajambula milatho. Wapinda mwendo wanga, wamvetsera, waseka. "Phokoso lokha si matenda, amadala. Ngati sakutupa, osapweteka, musavutike. Koma yambani pang'onopang'ono. Khalani pa mpando, imirirani, kakhumi patsiku. Pakatha mwezi muonjezere."

Amadala! Mpando! Mwezi!

Madzulo ndikunyamula chitsulo changa. Chafika pachifuwa bwinobwino. Kenako chitini chakumanzere chavuka, simenti yake ikadali phala, ine ndapendekera kumanja mpaka m'bedi la tomato. Mitengo isanu ndi umodzi yathyoka. Ndauza amake Dalitso kuti ndi mbuzi za neba wanga, a Zulu. Ayang'ana matope ali pamsana panga, ati: "Mbuzi yake yovala malaya."

Lachinayi

Simenti ndaisiya. Ndamangirira zigubu ziwiri za madzi ku ekiselo, uku ndi uku. Madzi amakhuvuka, munthu umayenda ngati wochokera ku kachasu, koma kulemera kulipo.

A Zulu, neba wanga, asuzumira pa mpanda: "Mwayamba yogulitsa madzi, a yunivesite? Mutisungireko chigubu chimodzi."

Ndimafuna kunjuta nacho kakhumi n'kulekeza. Chifukwa cha iwowo ndafika makumi atatu. Sanachoke. Makumi anayi. Maondo akulira ngati nsungwi pamoto, koma ndani akuwafunsa? Pa makumi anayi ndi zisanu a Zulu atopa kuima, apita.

Ndapambana! Miyendo ikunjenjemera pang'ono, ndicho chizindikiro chakuti mphamvu zikulowa. Mtanda wa a Sakala ndi chiyani? Ndinyamula iwo omwe pamodzi ndi buku lawo la mayina.

Lachisanu

Mayo ine.

Ntchafu si zanga. Matako si anga. Bondo lamanja latupa ngati papaya, ndipo phokoso lasiya. Ndikulisowa phokoso lija, linali la munthu wamoyo.

Ndilemba izi kamodzi, sindidzazitchulanso. M'mawa ndalowa m'chimbudzi. Kutsika ndatsika, chifukwa chilichonse chimatsika chokha, ndinaphunzira zimenezo chaka choyamba. Kudzuka kwakanika. Khoma ndi losalala, pogwira palibe, ndipo amene analisalaza chonchi ndi ine ndemwe, monyadira.

Ndakhala. Ndawerenga njerwa. Ntchentche zandizolowera.

Kunja mawu a amake Dalitso: "Abambo, mwasamukira momwemo?" Ndati ndikuganiza. Patapita nthawi: "Ndikaitane a Sakala ndi amuna awo khumi ndi awiri aja?"

Chingwe cha mbuzi chalowa pamwamba pa chitseko. Iwo kukoka kunja, ine kugwira mkati. Zaka makumi awiri za ukwati, sindinawamvepo akuseka mpaka kutsokomola chonchi. Alonjeza kuti sauza munthu. Masana apita ku msonkhano wa amayi.

Loweruka

Kupalasa sikutheka. Ndafika ku tchalitchi pa kaliyala, mkazi wanga akupalasa, miyendo yanga ili tang'a ngati thumba la feteleza. Amayi otunga madzi andipatsa moni mwaulemu woonjeza. Mmodzi wafunsa ngati mbuzi yathu yapeza chingwe china.

Pansi pa mtengo wa mango: njinga makumi awiri ndi zitatu, a Tembo, ine.

Mitanda ikukwera. Akuyeza ndi maso, opanda chingwe, opanda levulo! Ndikukuwa kuti wachitatuwo wapendekera. A Sakala ali pamwamba pa khoma: "Zikomo, a yunivesite! Njinga zonse zilipo?"

Kenako ichi. A Tembo ati kukhala kwawatopetsa. Adzuka pa dothi, osagwira pansi, osamveka ngakhale khwa mmodzi, apita kukapatsira malata. Mano anayi! Ndatsala ndekha ndi mabelu.

Dzuwa likupendeka, denga laima. Ndaliyang'ana mbali zonse kufuna cholakwika. Lawongoka. Zimenezi sindidzawakhululukira.

Lamulungu

Mapemphero oyamba pansi pa denga latsopano. Ndikulowa mokoka mwendo kulunjika pa benchi langa lakumbuyo, mtsikana wolandira anthu wandigwira pa chigongono. "Agogo, malo anu ali kutsogolo."

Ndatsegula pakamwa kuti ndimuuze zaka zanga, ndi za Lusaka. Bondo layankha ine ndisanayambe. Ndamutsatira.

Kutsogoloko kuli benchi la okalamba. A Tembo asendera. Nyimbo itayamba mpingo wonse waimirira, ife ayi, ndipo palibe wotiyang'ana moipa. Ulaliki wa ola ndi theka.

Benchili lili ndi potsamira. Lili ndi khushoni. Mphepo ya pawindo imafika pomwepo.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti benchilo ndi labwino.