Tsiku Limene Makina Anakana Apongozi Anga

Nkhani imeneyi ine sindikanainena ayi, koma poti mlamu wanga Zakariya wayamba kale kuifalitsa pamsika wa Chiuta, ndipo akuthiramo mchere wake, bola muimve kwa mwini wake.

Ntchito yanga ndi yojambula anthu. Maukwati, maubatizo, ana omaliza sukulu, tizithunzi ta pa chiphaso, zonsezo n'zanga. Kwa zaka zambiri ndinkayenda ndi kamakina kokwana m'thumba, mpaka chaka chatha pamene mzungu wina wojambula mbalame anandisiyira makina ake akale. Ndinamuperekeza m'mabango a nyanja ya Chiuta sabata ziwiri, udzudzu ukutidya tonse mosasankha khungu, ndiye pochoka anangoti tenga, ine ndagula ena. Anandifotokozera m'Chipwitikizi chake chotsimphina kuti awa ndi ena mwa makina oyambirira opanda kalilole m'kati, koma mtima wake wolandira chithunzi ndi waukulu ngati filimu yakale ija. Ine n'kumagwedeza mutu ngati ndikumva. Chimene ndinamvadi n'chimodzi, chakuti makinawa ukawagwedeza pang'ono munthu amatuluka ngati mzukwa, ndiye uziwagwira ndi manja awiri, zigongono zitakanikiza m'nthiti.

Tsopano apongozi anga aakazi, amayi a mkazi wanga Luwiza, ntchito yangayi sanaiwerengepo ngati ntchito. Kwa iwo mwamuna ndi wa khasu kapena wa ukonde, ndipo woyenda ndi kabokosi m'khosi ndi mdyankhuku wa pamaukwati a eni. Sanandiuzepo pamaso, koma mawu otere amakupeza okha. Ndiye tsiku lina Luwiza anabwera ndi uthenga woti amayi akufuna foto. Mng'ono wawo amene anatsala ku Malawi anthu akubwerera kuno kwathu nkhondo itatha, n'kukakwatiwa kutali ku Mzimba, anali akudwala, ndipo anapempha kuti aonenso nkhope ya mkulu wake. Sanafune za pa foni zija, anafuna foto ya papepala yoti aigwire m'manja. Zakariya ndiye anali woti akaipereke.

Luwiza anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo a Tomasi, mwayi wanu ndi umenewu. Musakauwononge."

Ine kuwononga? Ndi makina a mzungu?

Lamulungu tinakwera njinga, ine kutsogolo, Luwiza pa keliyala atafukata chikwama cha makina ngati khanda. Titafika ndinapeza anthu oyandikana nawo asonkhana kale pansi pa mtengo wa mango, chifukwa mbiri inali itamveka kuti mkamwini wa kwa Luwiza ali ndi makina oona ngakhale nthata pa nkhuku. Apa m'pamene ndinalakwa koyamba: m'malo mongokhala chete ndinayamba kuphunzitsa. Ndinanena za kalilole yemwe mulibe, ndinanena za mtima waukulu, ndinafika pouza anthu kuti makinawa sanama, amaonetsa munthu mmene alili. Pakamwa apa, anzanga, tiziti tikamatuluka m'nyumba tizipasiya pakhomo.

Kulakwa kwachiwiri kunabwera m'mbale. Anatiphikira mpunga ndi mlamba wowamba wotendera, ndipo ine mlamba wotendera ndilibe nawo ulemu. Mbale yoyamba inatha, yachiwiri inatsatira, yachitatu ndinaikana ndi pakamwa koma dzanja linali litalandira kale. Podzuka lamba anali akundicheka pakati. Ndinazembera kuseri kwa nkhokwe, n'kumuvula, n'kumupinda bwinobwino m'chikwama cha makina. Buluku linakhala pamalo pake palokha, mimba italigwira nganganga, ndipo ine ndinabwerera pagulu ndikupuma ngati munthu.

Apongozi anatuluka atavala kapulana yatsopano, chitenje cha kwathu kuno, ndi duku la kutchalitchi, n'kukhala pampando wa ndalema, manja pamaondo, nkhope ili gwaa. Tsono mwambo mukuudziwa: mkamwini sayang'ana apongozi aakazi m'maso. Makina angawo ali ndi poonera pawiri, kabowo koikapo diso ndi kagalasi kakumbuyo komwe kamapendekeka. Kuika diso pakabowo n'kumawalozetsa amayi ngati mlenje, zimenezo sindikanachita. Ndinaima patali, ndinawerama mwaulemu, maondo opinda pang'ono, ndinapendeketsa kagalasi kaja n'kukanikiza makina pamimba, maso pansi. Ndinaganiza kuti ndapeza nzeru yosunga mwambo ndi ntchito yomwe.

Kagalasi kanangoti bii! Mdima.

Ndinazimitsa makina, ndinayatsanso. Ali m'manja kutali ndi thupi ankawala bwinobwino, koma ndikangowerama kulozetsa kwa amayi, bii. Ndinati mwina ndi batire, chifukwa makina amenewa amadya batire ngati ine mlamba. Ndinasintha. Bii. Ndinatembenuka n'kujambula tambala amene ankadutsa, manja nditatambasula, tambala anatuluka ndi nthenga iliyonse. Ndinaika diso pakabowo n'kujambula Zakariya, anatuluka ndi mano ake onse achikasu. Ndinabwereranso kwa amayi, kuwerama, kukanikiza, mdima womwe uja.

Munthu wanzeru akanakhala chete n'kuganiza. Ine ndinakanda m'mutu, n'kunena mokweza, anthu onse akumva, kuti zodabwitsa, aliyense akutheka koma ndikangolozetsa kwa amayi makina akuzima.

Mayo ine. Mawu aja atangotuluka ndinafuna kuwameza. Mayi wina woyandikana nawo ananong'oneza mnzake, mokweza dala, kuti paja mwini wake wanena yekha kuti makinawa amaonetsa munthu mmene alili. Mukudziwa inu chimene mawu otere amatanthauza akanenedwa pa mayi wokalamba m'mudzi, ndipo akamera sazuka msanga. Apongozi anamva. Anamasula duku lawo pang'onopang'ono, n'kulipinda pamiyendo.

"Ngati makina akundikana, basi," anatero. "Mng'ono wanga azingondikumbukira mumtima."

Kunena zoona, pamenepo ndinamva chisoni chenicheni, manyazi anabwera pambuyo. Mayi amene anabereka mkazi wanga kumsana pothawa nkhondo, lero ndamuika pakamwa pa anthu chifukwa cha kabokosi.

Luwiza anandilanda makina aja m'manja mokhala ngati akufuna kukawaponya m'nyanja. Powagwira, chala chake chinadutsa pafupi ndi kabowo kaja, kagalasi n'kuzima. Anachotsa chala, kanawala. Anabwereza katatu, kenako anandiyang'ana, osati kumaso ayi, koma pakati penipeni. Kani pambali pa kabowo pali kadiso kakang'ono komwe kakaona chinthu chayandikira kamaganiza kuti ndi nkhope ya wojambula, ndiye kamazimitsa galasi n'kusamutsira chithunzi m'kabowomo. Makina ankaona mimba yanga n'kumaiyesa nkhope.

Mkazi wanga anaonetsa anthu onse zimenezi ndi chala chake, kuyambira mayi wonong'oneza uja, kenako anagwada n'kupempha amayi kuti amangenso duku. Anavomera, koma nkhope inali yolimba kuposa poyamba. Luwiza anandibwezera makina n'kundinong'oneza mawu awiri okha: "Kokani mimba."

Ndinawerama, ndinatulutsa mpweya wonse, ndinaikoka mimba ija mpaka mlamba unadandaula m'katimo. Kagalasi kanati ngwee. Amayi anaonekera bwino kwambiri, khwinya lililonse, duku, masamba a mango kumbuyo kwawo atasungunuka mokongola. Koma makina akalewa sathamanga popeza nkhope, diso lake limayamba lapita kutsogolo, labwerera, lapitanso, ngati munthu wosankha tomato. Ine mpweya ndagwira. Ndiye ndinamva kanthu kakuyenda m'chiuno.

Mukukumbuka kumene kunali lamba?

Buluku linayamba ulendo wake mosapupuluma. Linadutsa m'chiuno, linapumira pang'ono kumbuyoku, linapitiriza. Ndinali ndi nthawi yoganiza, ndipo ndinaganizadi. Ndikamasula mimba, galasi lizima, amayi achitanso manyazi pamaso pa anthu omwe aja. Ndikachotsa dzanja limodzi, makina agwedezeka, ku Mzimba kupita mzukwa. Ndinasankha apongozi. Buluku linafika m'maondo, kenako linangoti phwa pa nsapato.

Zikanakhala bwino pang'ono ndikanavala kabudula wam'kati wa m'sitolo. Wanga anali wosoka Luwiza ndi manja, wa nsalu yachikasu ya nsomba zofiira, wofika pafupi ndi maondo. Ine maso ali pagalasi, ndinaona nkhope ya amayi ikutsika pang'onopang'ono, ikuyang'anitsitsa, nsidze zikukwera.

"Luwiza," anatero, "kodi si kapulana ndinakupatsa pa ubatizo wa Tomasi iyo?"

Kenako anaphulika. Anaseka mutu atautaya kumbuyo, dzanja lili pachifuwa, mpata wa mano awo wonse uli poyera, misozi ikutsika. Pomwepo makina anapeza nkhope, chala changa chinadina, ndipo anati khwatcha, phokoso lake lija ngati wathyola nzimbe. Gulu lonse linagwa pansi ndi phwete. Ine ndinati ndithawire kuseri kwa nkhokwe, osakumbuka kuti miyendo ndi yomangidwa, ndipo ndinagwa chafufumimba, makina nditawakweza m'mwamba kuti asakhudze dothi. Zakariya akuti ndinadumpha katatu ngati chule ndisanagwe, koma limenelo ndi bodza, kanali kawiri.

Foto ija ndinakaitsukitsa ku tauni ya Cuamba, ndipo ndikuuzeni mopanda kudzitama, chijambulireni sindinajambulepo ina yoposa imeneyo. Zakariya anakaipereka. Akuti odwala aja anaigwira nthawi yaitali, analira, kenako anati mkulu wawo anamuona komaliza akuseka chonchi asanathawe nkhondo, ndiye afuna adziwe chimene chinamuseketsa. Mlamu wanga, m'malo mongonena kuti kunali nthabwala, anaimirira pakati pa nyumba n'kuwaonetsa zonse, kuwerama, kukoka mimba, mpaka kudumpha. Moti pano dziko la eni likundidziwa, ine osapondako.

Apongozi masiku ano amauza anthu kuti mkamwini wawo ndi katswiri, kungoti chiganizocho sachimaliza, amayamba kuseka chili pakati. Ine ndimalandira, ulemu ndi ulemu ngakhale ubwere ukutsokomola. Chomwe chandivuta ndi amayi a m'mudzi muja. Sabata yatha anatuma Luwiza kuti nawonso akufuna foto yoseka ngati ya anzawo, onse asanu ndi awiri, ndipo ati ndibwere ndi makina omwe aja, ndidye kaye mlamba, lamba ndisiye kunyumba.

Ndinawayankha kuti ndibwera, koma ndalumbira pali mkazi wanga: kuyambira pano ndimajambula ndi njala, nditakhala pansi, ndipo wofuna kuseka azibwera ataseka kale kwawo.