Sabata Imene Mayina Onse Analingana

Lolemba, 13 Sepitembala

Ndabwerako ku Blantyre mutu utadzaza! Maphunziro a za intaneti atha, ndipo lero ndikuyang'ana masamba a sukulu yathu, amene ndinapanga ndekha chaka chatha, n'kumachita nawo manyazi. Ndinawalemba mu HTML. Wotiphunzitsa uja akuti HTML ili ngati azakhali olekerera: ulakwitse chotani, iwo amangoti msiyeni ndi mwana. Tsopano kwabwera XHTML. Imeneyi siseka ndi munthu, chizindikiro chilichonse chimene watsegula uyenera kuchitseka. Ndipo ili pawiri, yofewa ndi yokhwima. Anzanga onse asankha yofewa. Amantha! Ine ndasankha yokhwima.

Pa intaneti pali makina oyesa masamba. Tsamba likakhoza, amakupatsa kabaji koika m'munsi mwake. M'Phalombe monse muno palibe amene ali nako. Mwina ndi ku Mulanje komwe.

Loweruka kuli msonkhano wa makolo, ndipo komiti igamula za chipinda chino. A Makwinja, apampando a komitiyo, akufuna kuti chibwerere kukhala chosungira matumba a nandolo wa m'munda wa sukulu, kompyuta ikakhale mu ofesi ya a hedi itafunda nsalu. Ikangolowa mmenemo ana sadzaikhudzanso, ine ndibwerera ku choko. Koma akadzaona masamba atsopano adzasintha maganizo. Sangalephere.

Zochita:
kusintha masamba onse
kupempha waya wa lamya kwa a hedi
kabaji
kukameta

Lachiwiri, 14 Sepitembala

Ndayamba ana ali pa asembule. Kutseka, kutseka, kutseka. Sindinkadziwa kuti ndine munthu wosiya zinthu zosatseka chonchi. Amayi ankanena.

Yokhwima ija zina sizifuna n'kumva komwe:
kukulitsa zilembo pomwepo pa dzina
kupaka zofiira pomwepo pa dzina
mawu othamanga

Mawu othamangawo ndi "Takulandirani" wathu uja, amene amatulukira kumanja n'kukalowera kumanzere, tsiku lonse osatopa. Ndamuchotsa. Mtima wandiwawa pang'ono, koma tsogolo silifuna zachibwana.

Masana ndakoka waya wa lamya kuchokera mu ofesi ya a hedi, kudutsa pakhonde ponse, kuti ndilowe pa intaneti. Makina oyesa andibwezera zolakwa zambiri moti chala chatopa n'kutsitsa. Koma n'zosangalatsa bwanji! Ukakonza chimodzi, zina zitatu zimazimiririka zokha.

A hedi, mayi Banda, asuzumira pakhomo: "Aphunzitsi, lamya imeneyo ndi ya sukulu. A kuboma akaimba aziyankhidwa ndi ine, osati ndi chinthu chanucho."

Sakudziwa kuti akulankhula ndi munthu amene atchukitse sukulu yawo.

Lachitatu, 15 Sepitembala

Lakhoza! Tsamba la mayina lakhoza! Kabaji kali m'munsi, kakang'ono, kokongola. Ndavina ndekha m'chipinda, mpando n'kugwa.

Tsamba limeneli ndi la onse ogwira ntchito pano ndi a komiti. Kale dzina la a Makwinja linali lalikulu, lofiira. La a hedi locheperako pang'ono. Kumatsika choncho mpaka kwa ophika ndi alonda, amene ankalembedwa timalemba tonga nyerere. Tsopano onse ndi akuda, onse ndi msinkhu umodzi. Paudongo penipeni.

A Nampinga, alonda a masana, alowa kudzandiuza kuti njinga yanga ndaisiya padzuwa. Aima kumbuyo kwanga, kenako aika chala pagalasi.

"Uyu ndine?"

Ndati ndinu.

"Nanga uyu?"

Ndati a Makwinja.

Ayeza dzina lawo ndi chikhadabo, ayezanso linalo. "Chimodzimodzi," atero, n'kutuluka. Za njinga aiwala.

Chakumadzulo abweranso ndi akazi awo, mayiwo atavala chitenje cha kutchalitchi. Avula nsapato pakhomo. Ayang'ana nthawi yaitali. Ine ndayesa kuwalozera kabaji, koma palibe wakayang'ana.

Anthu ayamba kale kubwera kudzaona ntchito yanga. Loweruka kudzakhala zotani!

Lachinayi, 16 Sepitembala

Nkhani yafika kwa Kaduya, kwawo kwa a Makwinja, ine ndisanadzuke. A Makwinja afika panjinga, jekete ili pathupi dzuwa lonseli. Sanakhale pansi.

"Kompyuta imeneyi inkandidziwa. Yayamba liti kundiiwala?"

Pakamwa pangapa! Ndimafuna kuwatonthoza. Ndawafotokozera mwaulemu wonse kuti kompyuta sidziwa munthu. Ndine ndinalemba manambala a kukula kwa zilembo, 7 pa dzina lawo, 6 pa la a hedi, 2 pa la alonda, ndipo iyo inkangotsatira. M'chipindamo munali aphunzitsi ena, amene anabwera kudzaonerera.

Kani chaka chonsechi anthu akhala akukhulupirira kuti makinawo amazindikira okha wamkulu ndi wamng'ono. N'chifukwa chake panalibe wodandaula. Ungakangane ndi makina?

A Makwinja: "Ndiye kuti munkagawa ndinu."

Achiwiri kwa a hedi, motsitsa mawu: "Ine munandipatsa zingati?"

Zinayi.

"Nanga a Chirwa a masamu?"

Zisanu. Chifukwa chake sindikuchikumbukira. Mwina inali sabata imene a Chirwa anandibwereka pampu.

Ndalonjeza kuti pofika mawa aliyense abwerera pamsinkhu wake. N'zotheka. XHTML sikaniza kukulitsa dzina, imangofuna kuti zamaonekedwe uzilembe m'fayilo yapadera, yotchedwa CSS. Tinaphunzira zimenezi tsiku lomaliza, chakudya chamasana chitangotha. Ndinamvako zina.

A Makwinja potuluka ayang'ana chipinda kuchokera kukhoma kufika kukhoma. Milomo imayenda. Amawerenga matumba.

Lachisanu, 17 Sepitembala

Ndafika m'mawa n'kupeza mzere pakhomo, ngati kuchigayo.

Achiwiri akufuna 6, akuti a hedi akachoka amatsala ndi iwo.
A Chirwa akuti 5 wawo asakhudzidwe.
Asungichuma a komiti akufuna zofiira.
Aphunzitsi a zaulimi akuti nandolo amene tikukanganirayu analima ndi iwo, ndiye ndiganize bwino.
Ophika akuti iwo alibe mawu, koma ndikumbukire amene amandipatsa ndiwo zapansi pa mphika.

A Nampinga sanapemphe kanthu. Angondilonjera, n'kundilowetsera njinga pamthunzi.

CSS ndalemba. Ndi yolondola, makina oyesa avomera. Koma pulogalamu yotsegulira masamba ya pakompyuta yathuyi ndi yakalekale, ikumva zake. Dzina la a Makwinja lakula ndithu, lafiira ndithu, koma latsetsereka pamalo pake n'kukakhala pansi pa chithunzi cha mbuzi za sukulu. Ndalikoka, labwerera komweko. Ndalikokanso, magetsi azima.

Ndachotsa CSS yonse m'mutu mwanga magetsi asanabwere, ndipo atabwera ndaichotsanso m'kompyuta. Kuli bwino alingane ndi alonda kusiyana ndi kukhala pansi pa tonde.

A hedi poweruka: "Nanga Takulandirani wothamanga uja ali kuti? Makolo amabwerera ameneyo."

Ndawauza kuti dziko lonse likusiya zimenezo. Akuti dziko lonse silibwera mawa.

Sindinakamete. Komabe masamba onse tsopano ali ndi kabaji. Onse! Makolo akaona udongo umenewu amvetsa.

Loweruka, 18 Sepitembala

Chipinda chadzaza, ena akusuzumira pazenera. Amayi pansi, abambo pamabenchi, a Makwinja kutsogolo atapinda manja. Ndatsegula tsamba loyamba. Loyera bwino, zilembo zakuda, zonse pamzere. Ndalankhula za tsogolo. Ndalankhula za kutseka chimene watsegula. Ndaloza kabaji.

Palibe waombera m'manja.

Mayi wina kumbuyo: "Yafa kodi? Chaka chatha inkayenda."

Bambo wina: "Mwina atha mafuta."

Ndatsegula tsamba la mayina. A Makwinja sanaliyang'ane n'komwe, atembenukira kwa asungichuma n'kuyamba kulozerana pakona pamene pakhala kompyuta. Ndamva mawu akuti "matumba". Ndayang'ana ana anga a Fomu 3 amene anali pazenera, aja angoyamba kumene kudziwa kugwira mbewa ya kompyuta osanjenjemera.

Disiketi ya masamba akale inali m'thumba la malaya. Sindikudziwa amene anaiikamo. Chabwino, ndine.

Ndailowetsa. Takulandirani watulukira kumanja, akuthamanga ngati sanachokepo. Nthungululu! Gogo wina waimirira n'kumuwerenga mokweza mpaka walowa kumanzere, kenako wamudikira atulukenso. Pa tsamba la mayina a Makwinja awala, ofiira, aakulu kuposa onse. Agwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Yachira," atero.

Chigamulo cha komiti: kompyuta ikhale. Matumba nawonso alowe, mbali ya kuzenera, kwa kanthawi. Kanthawi ka a Makwinja ndimakadziwa.

Ndapambana, eti? Anthu akundigwira chanza chifukwa cha ntchito imene ndinagwira chaka chatha.

Lamulungu, 19 Sepitembala

Ndachokera kutchalitchi n'kudzera kuno. Matumba afika kale, chipinda chonse chikununkhira nandolo. Kompyuta ili pakona pake. Ana mawa aphunzira, angopanikizana. HTML yakale yabwerera, azakhali olekerera aja. Kabaji kulibe. Achiwiri ndawapatsa 5 kuti tizilonjerana.

Ndikuti nditseke, a Nampinga agogoda. Ali ndi bambo wina wachikulire, fumbi mpaka m'mawondo.

"Alamu anga awa, aphunzitsi. Apalasa kuchokera kwa Mkhumba. Ndinawatumizira uthenga Lachitatu lija."

Dzulo a Nampinga anali pageti, akuyang'anira njinga za makolo. Palibe amene anawauza kuti masamba akale abwerera.

Pagalasi panali tsamba lakale, iwo ali m'munsi mwenimweni, timalemba ta nyerere. Ndaimirira kutsogolo kwake. Ndati kompyuta ikufunika itenthe kaye, ayambe aona matumba. Ndalowetsa disiketi ya XHTML msangamsanga.

Alamu aja sawerenga. A Nampinga awagwira chala n'kuchiika pagalasi. "Uyu ndine. Uyu apampando." Alamu ayeza uku, ayeza uku. Avula chipewa.

Apita akukankha njinga, akuseka. Ine ndabwezeretsa tsamba lakale, pakuti mawa a Makwinja abwera kudzaona matumba awo. Pa dzina la a Nampinga ndafufuta 2, ndalemba 3. Kupitirira apo ndilibe mphamvu.

Disiketi ya XHTML ndaiika m'dirowa. Wotiphunzitsa anati tsiku lina dziko lonse lidzaifuna. Pakali pano m'Phalombe muno akuifuna ndi munthu mmodzi, ndipo akuti Lamulungu likubwerali abwera ndi apongozi.