Ndinavina ndekha pa chinkhoswe cha Esinta

Abale inu, mpaka lero ndikadutsa padoko pa Kachulu azimayi amagwira m'makutu n'kuyamba kugwedeza chiuno. Musakafunse kwa ena, angakuwonjezereni mchere. Ndinena ndekha.

Mdzukulu wanga Esinta, amene ndinamulera ndi ndalama za matemba, anapeza mwamuna wa ku Songani. Kuchimunako anati pa chinkhoswe abwera ndi munthu wa zoimbira. Ine ndinati ayi! "Zoimbira zili m'nyumba mwanga muno. Kwathu kuno n'kunyanja koma sikutchire."

Sindinkanama. Mwana wanga Fakisoni ali ku Joni, ndiye anatumiza masipika awiri olumikiza kumagetsi, mahedifoni ndi laputopu yakale. Sola tili nayo. Koma titalumikiza, iii, masipika aja ankangolira nziii ngati udzudzu wa m'mabango. Nyimbo pansi, udzudzu pamwamba.

Ndinamuimbira. "Fakisoni, watitumizira udzudzu? Ochepa kunowa?"

Iye, ndi mawu ake aulesi aja: "Amayi, laputopuyo ndi yokalamba. Mukagule kabokosi, amati daki. Kamatenga nyimbo mu laputopu n'kuyipereka yoyera kumasipika. Mupite ndi mkazi wanga, amadziwa kuwerenga."

Kupita ndi munthu? Ine? (Zaka zonsezi ndasankha nsomba ndekha, palibe msodzi anandigulitsapo yowola.) Ndinakwera minibasi ya ku Zomba mtima ukuvina.

Mwini sitolo, bambo wa ndevu, ananditulutsira timabokosi titatu. Koyamba ndinakanyamula: kopepuka ngati chibiriti. Ndinati chotsani. Kachiwiri ndinakagogoda ndi chala, kanalira ngati chitini chopanda kanthu. Kachitatu, eee! Kolemera, kozizira, kali ndi chopotokola chachikulu kutsogolo. Ndinakanunkhizanso (musandiseke, dzanja linazolowera).

"Aka ndi kabwino agogo," anatero. "Kumbuyoku n'kwa masipika, kabowo ka kutsogoloka n'ka mahedifoni. Koma mukalowetsa apa..."

"Bambo, musandiphunzitse. Tsitsani mtengo basi."

"Ayi, ndimati mukalowetsa..."

"Ndati tsitsani!"

Anatsitsa. Ndinatuluka ndikuyenda ngati ndagula boti.

Kunyumba mpongozi wanga, mkazi wa Fakisoni, analumikiza zingwe. Mayo ine! Nyimbo inatuluka yoyera ngati madzi a pamjigo, ng'oma ikugunda m'chifuwa, nkhuku zonse balala. Anandisonyeza batani lalitali loti ndikadina nyimbo iyambe. Ndinati tsikulo woimbitsa ndine, wina asakhudze.

Tsiku linafika. Anthu thithithi pabwalo, a ku Songani pamipando, patsogolo agogo ake a mnyamatayo, asewele anga, atavala chilundu chonyezimira ndi nsapato zazitali. Tebulo langa lili pakhonde. Ankhoswe anati, "Tsopano kanyimbo kolandirira alendo."

Apa m'pamene satana anandinong'oneza. Anyamata oimbitsa m'maukwati aja samavala mahedifoni kumutu? Nanga ine ndichepe? Mpongozi ali kukhitchini, ndinatenga mahedifoni, kuvala pamwamba pa duku, chingwe n'kulowetsa pakabowo ka kutsogolo kaja. Batani dinu! Chopotokola mpaka kumapeto.

Abale, nyimbo inabwera! Ndinati lero Kachulu yense wamva, ngakhale a pachilumba. Ndinamanga nsalu m'chiuno, n'kuyamba. Phewa uku, chiuno uku, nthungululu pamwamba. Ndikuimba nawo ndithu.

Kutsegula maso, anthu onse ali duu, akungondiyang'ana. Ndinati asowa chonena, zoimbira zotere sanazionepo. Ndinawonjezera moto.

Pafupi nane panali anzanga Abiti Saidi, timayanika limodzi nsomba. Akundikodola, akuloza kukhutu. Ndinayesa akuti zikukoma. Ndiye poti phokoso linali lalikulu, ndinati ndiwanong'oneze kanthu, palibe angamve.

"ABITI! TAONANI ASEWELEWO! AUMA GWA NGATI MLAMBA WOWAMBA!"

Abiti anagwira pakamwa. Ndinati aseka, ndiwonjezere.

"NSAPATOZO N'ZOBWEREKA! ZIKUWALUMA!"

Mpongozi anatulukira akuthamanga, chipande kumanja, n'kuzula chingwe chija. Pompo masipika anaphulika, ana n'kugwa chagada. Anatsitsa, nandivula mahedifoni.

"Amayi, masipika anali chete. Mukalowetsa mahedifoni, kuno kumazima."

"Chiyambire?"

"Chiyambire. Timangomva mapazi anu. Ndi zinazo."

Ndinafuna nyanja ibwere indimeze. Amalume aakulu a kuchimuna, mlongo wawo wa asewele, anaimirira, chipewa kumanja: "Ngati kuno alendo mumawalandira chonchi, galimoto yathu sinapite patali." Esinta misozi chuchuchu, zopakapaka zonse zikutsika. Apo ndiye mtima unandiwawa zenizeni, mwana wanga banja limuthere pakhonde chifukwa cha pakamwa panga.

Ndinagwada pafumbi pamaso pa asewele (mawondo awa, amene ngakhale kutchalitchi amakana). "Pepani amayi. Ndi kabokosika. Munthu ukavala zimenezi umakhala ngati uli wekha m'dziko."

Iwo anati, "Tabweretsani ndione ngati n'zoona."

Mpongozi anawaveka, nalowetsa chingwe. Masipika zii. Tonse maso pa iwo. Tinaona phazi likuyamba kugunda. Kenako mapewa. Anavula nsapato zija n'kuziponya uko, nakoka mlongo wawo, amalume okwiya aja, kuti awanong'oneze:

"ACHIMWENE! MAYIWA AMAVINA NGATI BAKHA WOLUMIDWA NDI LINTHUMBU! KOMA NSAPATOZI ZIMANDILUMADI!"

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Amalume anakhala pansi akupukuta misozi, Esinta akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Ankhoswe anati mlandu watha wokha, wina mlamba wina bakha, tipitirize. Tinazula chingwe, tinavina awiri ndi asewele mpaka fumbi kobo.

Mwina mukuti ndinaphunzirapo kusunga pakamwa. Ayi ndithu, pausinkhu uno? Chimene ndinaphunzira n'chakuti ndikafuna kunena munthu, ndiyambe ndavula mahedifoni.