Tsiku Limene Apongozi Anandibereka

Pali nkhani imodzi imene akazi anga amaikonda kuposa zonse, ndipo akangoyamba kuisimbira alendo, ine ndimakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi sizinamwe madzi. Lero ndati ndiinene ndekha, mwina ikatuluka pakamwa panga manyazi achepako.

Masiku amenewo sitima zapamadzi zinkakochezabe pa Nsanje, pamene azungu ankapatcha Port Herald, ndipo ine ndinali kalaliki m'sitolo ya mmwenye wina. Ntchito yanga inali kukhala pampando, kuyeza nsalu ndi kulozera anthu ena zoti anyamule. Ndinkadya zotsala za kunyumba kwa bwanayo: mpunga wonona mafuta, buledi, ndi tiyi wothira shuga mpaka kuchita manyuchi. Pasanathe zaka zitatu ndinali ndi mimba imene inkayamba kulowa pakhomo mwiniwake ndili panja. Anthu ankati, "Koma ndiye mukupeza bwino!" Ine n'kumaisisita ngati ng'ombe yanga. (Zoti ndikakwera kamtunda kochokera kudoko ndinkapuma ngati mvukuto wa wosula makasu, sindinkauza munthu.)

Kenako mtima wanga unagwa pa Tereza, mwana wa a Zuze, a kumudzi wina wa m'mphepete mwa dambo lalikulu la Shire, kumtunda kwa Chiromo. Ankhoswe atakambirana, anandiuza kuti ndikakhaleko masiku angapo, eni mwana akaone ngati ndili munthu wotha kusunga banja. Ndinavala buluku langa loyera, n'kumanga lamba, ulendo.

A Zuze ndinawapeza akusoka ukonde pansi pa mtondo. Anali aakulu kuposa malemu bambo anga, mutu wonse mbuu, koma ataimirira kuti andilonjere ndinachita kugadamitsa khosi. Anali aatali, oongoka ngati mgwalangwa, manja ngati chingwe chopota. Ataseka ndinaona kuti mano onse analipo. Ine ndinali nditazulitsa kale awiri.

Masana anatiikira nsima yofiira ya mapira, mlamba wowamba, kholowa, ndi nyika, timizu takuda tija amayi amakumba pansi pa maluwa a m'madzi. Ndinangotsinako pang'ono ngati nkhuku yodwala.

"Akalaliki, simukudya?" anafunsa a Zuze.

"Pepani bambo, m'mimba mwangamu munazolowera mpunga."

"Pyadidi," anatero mwa Chisena chawo, akuyang'ana mimba yanga mwaulemu. "Nkhokwe yaikulu chonchi siingathe tsiku limodzi."

M'mawa mwake anati tipite kudimba kutsidya kwa mfuleni, tikakumbe mbatata. Tisananyamuke anamwa phala la mchewere lothira bwemba, chipanda chodzaza. Ine ndinalawa, ndinamva kuwawasa, n'kunena kuti sindikonda kudya m'mamawa.

Tsoka linayambira pabwato. A Zuze atalowa, bwato silinadziwe n'komwe kuti mwalowa munthu. Ine nditaikamo mwendo linapendekeka mpaka kumwa madzi. Pofuna kubisa manyazi ndinalanda nkhafi.

"Khalani bambo, ndipalase ine. Inu mwakula."

"Takhuta," anathokoza, n'kukhala phee.

Ndinapalasa ndi mphamvu zanga zonse, ndipo bwato linazungulira kawiri pamalo amodzi. Litayamba kupita kutsogolo, mpweya wanga unali utatsala kumbuyo. Tisanafike n'komwe pakati, manja anali zii, mtima ukugunda m'makutu, madzi akutikokera kunsi. A Zuze anatambasula dzanja, ine n'kuwabwezera nkhafi. Anaimirira kumbuyo kwa bwato, n'kuyamba kupalasa akuimba kanyimbo ka m'mphuno, ndipo tinafika tsidya ngati tatengedwa ndi mphepo.

Kudimba anandipatsa khasu. Inu amene mumadziwa dzuwa la kuchigwa kuno mukudziwa kuti silicheza ndi munthu. Ndinakumba mapando awiri. Paphando lachitatu ndinaona nyenyezi masana. Kuwerama kunkakanika chifukwa mimba inkafika pamaondo khasu lisanafike pansi, choncho ndinamasula lamba, n'kumuponya pambali. Pamene ndinkati ndipume, n'kuti a Zuze atadzaza mitanga iwiri, thukuta likungoyenderera pamsana pawo koma kupuma kwawo kuli ngati kwa munthu amene wakhala pamkeka.

"Akalaliki, tiyeni tibwerere. Inu tengani makasu okha."

Apa ndi pamene kunyada kunandimaliza. Chakumunsi pang'ono kunali amayi akukumba nyika m'madzi ofika m'chiuno, ndipo pakati pawo ndinaona Tereza ndi mayi ake. Ndikanadutsa bwanji pamaso pawo nditanyamula timakasu, nkhalamba itasenza mbatata? Ndinasenza mtanga umodzi. A Zuze anatenga winawo n'kutsogola, akuponda pa bango logonekedwa pansi.

"Pondani pamene ndikuponda ine," anandiuza.

Ine ndinaona kuti njira yawoyo ndi yokhota. Bwato linali apo, pafupi, ndipo khosi linkathyoka. Ndinadulira. Phazi loyamba linalowa mpaka mu akakolo. Lachiwiri mpaka m'bondo. Ndinayesa kuzula limodzi, linzake n'kumira. Posakhalitsa thope linali m'chiuno, ndipo chimene chinandiletsa kupitirira pansi (ndinene zoona) ndi mimba yomweyo, imene inakhala pamwamba pa thope ngati mtsuko.

Ndinayamba kuphiriphitha, mtanga n'kugwa, mbatata mbwee. A Zuze atacheuka sanaseke. Maso awo sanali pa ine. Ankayang'ana pamchenga wa patsidya, pamene ng'ona imene inkaothera dzuwa inali itangotsetserekera m'madzi.

"Mwana wanga, khalani bata," anatero motsitsa mawu. "Mukamavundula choncho mukuiitana."

Sindinaumepo thupi ngati tsiku limenelo. Mkuluyo anatula mtanga wake, anakuwira amayi aja kuti atuluke m'madzi, kenako anathyola bango mofulumira n'kuyala pathope. Anayenda pamwamba pake, anandigwira m'khwapa, anapuma kamodzi, n'kukoka. Thope linalira ngati ng'ombe ikuzula mwendo. Ndinatuluka ndithu, koma buluku langa loyera, lopanda lamba, linasankha kutsala komweko.

Tsono taganizani. Amayi onse anali ataima pamtunda, maso ali kuno. Apongozi aakazi anatembenuka msanga n'kufunda nsalu kumutu. Tereza anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. A Zuze anavula nsalu ya paphewa pawo n'kundimanga m'chiuno ngati khanda. Nditati ndiyende, miyendo inakana, ili nje nje nje.

"Kwerani," anatero akuwerama.

"Bambo, sizingatheke, ndine wolemera."

"Ndinanyamulapo mwendo wa mvuu. Kwerani."

Ndinakwera. Munthu wa imvi anandibereka kumsana, ine mnyamata wa zaka zosakwana makumi atatu, mpaka kukanditula m'bwato. Atatero anabwerera kukatola mbatata zimene ndinamwaza, imodziimodzi, n'kusenza mitanga yonse iwiri.

Titafika kumudzi anaika chakudya chonga chadzulo chija. Sindinafunse za mpunga. Ndinadya mapira, ndinadya kholowa, nyika ndinatha mbale yanga n'kuyamba kuyang'ana ya eni ake. Nditakhuta manyazi anabwerera, ndipo ndinapita kukagwada pafupi ndi a Zuze.

"Bambo, mawa ndinyamuka. Ndaona ndekha kuti mwana wanu sindimuyenera."

Anatokosa m'mano ndi kamtengo.

"Mwalowa m'thope koma simunatukwane munthu," anatero. "Mtima muli nawo. Thupili ndi limene mwalilera molakwa, mwalipatsa zotsekemera n'kulimana ntchito. Ine chibadwire sindinagonepo tsiku lathunthu chifukwa cha matenda, ndipo mankhwala anga ndi omwe mwadyawa. Tereza ndikupatsani. Koma mudya zimene tidya ife, ndipo kumene tipita ndi khasu mupita nafe."

Ntchito ya m'sitolo ndinaisiya, n'kukhala pachikamwini. Miyezi yoyamba ndinkalira chamumtima, manja ali matuza okhaokha. Mvula yachiwiri isanagwe ndinkaoloka mfuleni uja ndekha, ndipo kupuma kwa mvukuto kunatha. A Zuze anakhala ndi moyo mpaka kuona zidzukulu zawo zikukwatira, akupalasabe bwato, ndipo mpaka tsiku limene anatisiya sanasimbirepo munthu za thope lija. Amene anaifalitsa nkhaniyi dambo lonse ndi amayi a nyika aja.

Ana athu asanu anakulira pa phala la mchewere, nsomba ndi khasu la agogo awo. Onse ndi zimphona, ngakhale wamkazi wotsiriza amandiyang'ana pakati pa mutu. Phunziro ndinaliphunzira, koma osati lonse, chifukwa alendo akamadabwa ndi msinkhu wawo, ine ndimafulumira kunena kuti anatengera kwa bambo awo. Zikatero akazi anga amatsokomola kamodzi, n'kuyamba: "Kodi munamva za tsiku lija tinkakumba nyika?"