Mtedza Khumi wa a Vitus

Pa Kamwendo palibe amene sankawadziwa a Vitus, munthu amene ankayeza liwiro la njinga ndi mtedza. M'mawa uliwonse ankanyamula kampando ndi lichero, n'kukakhala m'mbali mwa msewu wafumbi wopita kusukulu, pakati pa mtengo wa mango ndi mjigo. Njinga ikafika pamango, iwo ankayamba kuswa: khwa, khwa, khwa. Ikafika pamjigo asanaswe mtedza khumi, ndiye kuti mwathamanga, ndipo amva ndi a kumsika omwe.

Ntchitoyi sanawatume munthu. Anaiyamba njinga zamagetsi zitangobwera, tsiku limene ina inawadutsa mwakachetechete iwo n'kudziponya m'ngalande ndi thumba la ufa.

"Galimoto imalira, yamoto imalira, yakapalasa imaliza tcheni," ankatero. "Koma izi zimayenda ngati mfiti. Chinthu chosapereka moni chiziyenda pang'onopang'ono."

Anyamata a kabaza ndiwo ankaona zakuda, makamaka Eneya, mkulu wa pasiteji.

"Eneya! Mtedza sikisi!"

"Madala, mtedza wanuwo ngwosauma, ukuchedwa kusweka."

"Wosauma ndi mutu wakowo. Chipewa chili kuti?"

"Si ichi pahandulo."

"Chabwino. Ukagwa, handuloyo ipulumuka."

Ngakhale abusa sanawasiye. "Abusa, seveni! Ngati mukufulumira kumwamba, pitani nokha, ana asukuluwa asiyeni." Abusa anatsika n'kuyamba kukankha, Baibulo lili kukhwapa.

Koma chonyadira chawo chinali Keziya, mwana wawo womaliza, amene ankanyamula tomato panjinga yamagetsi kupita naye ku Boma. Iyeyu akamadutsa, a Vitus ankaimirira.

"Onani Keziya wanga! Thwelofu! Chipewa chomanga, belu akuliza. Inu munabadwa bwanji?"

Keziya ankaweramitsa mutu, anthu n'kumati ndi ulemu. Sunali ulemu. Tomato amagulidwa m'mamawa, ndiye iye anapita mobisa kwa makaniko Timoteyo kukadulitsa kawaya kamene kamaletsa njinga kupitirira liwiro. Pamaso pa bambo ake ankayenda ngati mkwatibwi; akangokhota kuseri kwa mjigo, nkhuku zinkamwazikana.

Tsiku lina mu Juni a Vitus anagwa pakhomo atavala kale jekete, akupuma movutikira. Galimoto panalibe. Keziya anawakweza kumbuyo, kuwamangirira kumsana kwake ndi chitenje, n'kupotokola handulo mpaka pomaliza. Akudutsa pamango anamva dzanja likuyenda m'thumba la jekete. Khwa. Khwa. Khwa. Basi, mjigo uwo wadutsa.

Kuchipatala, atawaika paokosijeni n'kupezako bwino, a Vitus anamukodola mwana wawo.

"Keziya."

"Wawa, ababa."

"Itatu."

"Ndimafuna mufike msanga."

"Zimenezo ndaona, ndipo zikomo. Koma njinga siphunzira kuthamanga tsiku limodzi. Waya unadula liti?"

Keziya anayang'ana masilipasi ake. "Chaka chatha."

A Vitus anatembenukira kukhoma. Keziya ankayembekeza kukalipiridwa, ndipo bola akanamukalipira.

"Ndiye chaka chathunthu ndakhala ndikunamiza Kamwendo yonse," anatero chapansipansi. "Ndachititsa manyazi ana a eni ndi dzina lako. Ukawauze wekha. Ukawauzenso kuti ndapepesa."

"Mawa, ababa."

Masiku atatu anayankha kuti mawa. Lachinayi lake a Vitus anatsikira kuli chete.

Pamaliro anabwera a kabaza onse, zipewa zili kumutu, mwina koyamba chibadwire. Anaperekeza bokosi pang'onopang'ono mwakuti akwaya anamaliza nyimbo zawo zonse n'kuyambiranso, adzukulu n'kutuma munthu kudzafunsa ngati malemuwo asintha maganizo. Eneya polankhula anati, "Madala apita, koma atisiyira chitsanzo. Asisi Keziya ndi awo." Khamu lonse linamucheukira. Keziya anadzifunditsa chitenje kumaso, azimayi n'kumusisita pamsana poganiza kuti ndi chisoni chokha.

Sabata yotsatira msewu uja unali zii. Njinga zinkadutsa popanda woziitana maina, okwerapo akuponya diso pamthunzi wopanda munthu. Ena ankachepetsa liwiro, kenako n'kukumbukira kuti palibe wowerenga. Lachisanu masana mayi wina atasenza ndowa anadumphira m'ngalande pothawa njinga yothamanga, madzi onse kum'thira. Sanatukwane. Anangoti, "A Vitus akanakhalapo!" Keziya anamva ali pakhonde.

M'mawa mwake sananyamule tomato. Anatulutsa njinga, osakwera, n'kuikankha mpaka pasiteji.

"Achimwene, ndabwera ndi mawu a ababa."

Anyamata anasiya bawo. Keziya anapitiriza.

"Njinga yangayi ilibe waya. Thwelofu uja linali bodza langa, osati lawo. Anati ndikupepeseni."

Eneya anakanda kumutu nthawi yaitali.

"Asisi, waya wanuwo tinauona kalekale. Uli m'chitini cha Timoteyo, pamodzi ndi wanga."

Palibe anaseka. Keziya anagwiranso handulo n'kuyamba kukankha kulowera kwa Timoteyo kukabwezeretsa waya. Asanafike pamphambano anamva kumbuyo sitandi ya njinga ikuti kwa, kenako inanso. Sanacheuke.